NDIWO ZA M'DIMBA ZOPIRIRA DZUWA LA CILIMWE

Phunziro la kwa Mafumu ndi Alimi a m'Cigwa ca Shire

Inu mafumu, eni midzi, ndi inu nonse amuna ndi akazi olima m'madimba a ku Cikwawa ndi ku Nsanje, cherani khutu ku mau awa onena za ndiwo zoyenera kubzala pa nyengo ya cilimwe. Mudziwa nonse kuti Okutobala ndi Novembala ndiyo miyezi yosowa ndiwo m'midzi mwathu. Mfutso wa m'masika uli pafupi kutha m'cikwatu, masamba a kuchire apsya, ndipo mvula ikali kutali. Ana adya nsima ndi mcere, matupi ao nafooka pa nthawi yomweyo imene nchito ya kusosa m'minda ifuna mphamvu.

Anthu ambiri ayesa kucotsa bvuto ili pogula mbeu za kabici, repu ndi matimati, nazifesa m'mwezi wa Seputembala. Akazi asenza madzi m'mawa ndi madzulo, koma pofika Novembala kabici wakana kukulunga, repu wadzala nsabwe, ndipo maluwa a matimati ayoyokera pansi. Ndalama zatayika, thukuta latayika, ndiwo palibe. Colakwa sicili pa khasu kapena pa ndowa iai. Cili pa kusankha mbeu. Akuru anati, m'mera mpoyamba. Munthu wosankha mbeu yosayenera nyengo waluza dimba lace asanathire madzi oyamba.

CIFUKWA CACE MBEU ZINA ZILEPHERA

Cigwa cathu si cipululu, pakuti pa caka cabwino cilandira mvula ya mamilimita 600 kufikira 800. Koma dziko lace ndi lotsika kwambiri, ndipo kuyambira Meyi kufikira Novembala mvula yodalirika kulibe. M'miyezi iwiri yotsiriza kutentha kwa usana kupitirira madigiri 40 kawiri kawiri pa muyeso wa Celsius, ndi usiku womwe sikuzizira. Cotero pa masiku amenewo dimba lanu likhala monga dimba la m'cipululu, ndipo dzuwa liononga mbeu m'njira zitatu.

Njira yoyamba ndiyo ya pa kumera. Nthaka yopanda cophimba itentha koposa mpweya, kotero kuti phazi la munthu silingathe kupondapo masana. Njere za letesi zigona osamera nthaka ikafunda kufika madigiri 30, ndipo timbande ta karoti ndi ta kabici tipsyerera pa khosi, pamene tsinde likhudza dothi.

Njira yaciwiri ndiyo ya pa duwa, ndipo iyi ndiyo inyenga anthu ambiri. M'duwa muli ufa wacikasu wochedwa mungu, umene ubereketsa cipatso. Mungu wa matimati ufooka usana ukapitirira madigiri 32 ndi usiku ukapanda kutsika pansi pa madigiri 21. Nyemba nazonso zitaya maluwa pa kutentha kotere. Cifukwa cace muona mtengo wa matimati wobiriwira bwino, wothiriridwa tsiku ndi tsiku, koma wosabala kanthu. Madzi apulumutsa masamba, koma sangathe kuukitsa mungu wakufa. Musanene kuti wina walodza dimba lanu, ndi dzuwa.

Njira yacitatu ndiyo ya pa madzi. M'dziko lotentha ndi louma, malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi, odzala ndi mbeu zazikuru, ataya madzi a malita 6 kufikira 8 pa tsiku. Bedi la mita imodzi m'lifupi ndi mamita 5 m'litali lifuna tsono ndowa ziwiri za malita 20 tsiku liri lonse. Tawerengani nokha. Kabici akhala m'bedi masiku ngati 90 asanadyedwe. Ndizo ndowa 180. Bonongwe ayamba kudyedwa asanathe masiku 28. Ndizo ndowa zosapitirira 56. Mkazi wosenza madziwo adziwa yekha kusiyana kwace.

ZIMENE ACITA ANTHU A M'CIPULULU

Kuli maiko otentha ndi ouma koposa kwathu kuno, ndipo anthu ace adya ndiwo za m'dimba caka conse. Nkwabwino kuti tiphunzire kwa iwo.

Ku Arizona, m'dziko la America, kuli mzinda wa Phoenix, umene mvula yace ya caka conse sifika mamilimita 200 pa zaka zambiri. M'caka ca 2023 mzindawo unaona masiku 31 otsatana a kutentha kwa madigiri 43 kapena kuposa. Olima madimba a kumeneko abzala kabici, karoti ndi letesi pa nyengo yozizira yokha. Ikafika nyengo yotentha abzala therere, khobwe, mbatata, mabvwende ndi cidede. Eni dziko a m'cipululu comweco, ochedwa Tohono O'odham, alima kuyambira kale pa mathero a makhwawa, pamene madzi osefukira asiya dothi lonyowa. Iwo sabzala pa masiku ouma koposa, koma adikira mvula ya Julayi, nabzala mbeu zofulumira kuca: cimanga ca masiku 60, maungu, ndi nyemba zazing'ono za tepary zopirira dzuwa. Analandiranso khobwe ndi mabvwende, mbeu zocokera kuno ku Africa, nazisunga kufikira lero cifukwa zinagwirizana ndi dziko lao.

Ku Aswan, kumwera kwa Egypt, zipita zaka mvula yeniyeni osagwa, ndipo minda yonse imwa madzi a mtsinje wa Nile. Ndiwo zokondedwa pa nyengo yotentha ku Egypt ndi ku Sudan ndizo bamia, ndilo therere lathu lobala, ndi molokhia, ndilo denje lathu lomwe limera lokha m'mbali mwa minda. Cidede acilima cifukwa ca zikhokho zace zofiira, zimene aphika cakumwa. M'cipululu ca Kalahari muli bvwende la kuchire lochedwa tsamma, limene anthu ndi nyama apezamo madzi pa nyengo youma.

Kumpoto kwa Burkina Faso, m'mphepete mwa cipululu ca Sahara, mlimi wina dzina lace Yacouba Sawadogo anaukitsa njira ya makolo yochedwa zaï ca m'ma 1980. Iye anakumba maenje pa nthaka youma gwa, nathiramo manyowa, kuti madzi ocepa akhale pa muzu osathawa. Analandira mphoto ya Right Livelihood m'caka ca 2018, namwalira m'caka ca 2023, atasandutsa malo a gwa kukhala nkhalango.

Taonani tsono cinthu ici: mbeu zimene anthu a m'cipululu adalira ndizo zomwezo zimene agogo athu analima, zimene ena a ife ayamba kuzinyoza kuti ndi ndiwo za amphawi. Phunziro lao liri pawiri: sankhani mbeu yokonda kutentha, ndipo sungani madzi pa muzu.

MBEU ZOYENERA CILIMWE

1. Therere lobala. Iyi ndiyo mfumu ya dimba la cilimwe, pakuti likula msanga dzuwa likakula, ndipo muzu wace ulowa pansi kwambiri. Bviikani njere m'madzi usiku umodzi, nimubzale ziwiri kapena zitatu pa phando, kuya kwa mfundo imodzi ya cala. Mizere italikirane masentimita 60, ndi maphando masentimita 30 kufikira 45. Zikamera, siyani imodzi yamphamvu. Liyamba kubala pakutha miyezi iwiri. Thyolani masiku awiri kapena atatu ali onse, zipatso zikali zotalika monga cala. Mukazisiya zikhwime, mtengo uleka kubala. Mtundu wa Clemson Spineless upezeka m'masitolo, koma therere la makolo lozolowera cigwa cino liri bwino lomwe. Dziwani kuti therere ndi mbale wa thonje, ndipo tizirombo tina ta thonje tidyanso therere. Cotero musalibzale pafupi ndi mapesi a thonje osazula.

2. Khobwe. Pamene nyemba zilephera, khobwe apirira. Apatsa ndiwo katatu: citambe, zitheba zanthete, ndi njere zouma. Yambani kuthyola citambe pakutha masabata atatu kapena anai, koma musamalize masamba onse a mtengo umodzi. Ngati mufuna njere, lekani kuthyola masamba akayamba maluwa. Mitundu ya Sudan 1 ndi IT82E-16 ica msanga. Mtundu wa Mkanakaufiti upirira kaufiti. Ndipo khobwe wa makolo woyanga apatsa masamba nthawi yaitali, naphimba nthaka. Pa mizu yace pali timatuza tokometsa nthaka, cifukwa cace safuna manyowa ambiri. Nkhungudzu nazonso zipirira dzuwa monga khobwe, ndipo ziyenera kuyanga pa mpanda.

3. Bonongwe. Palibe ndiwo yofulumira koposa iyi. Njere zace ndi zazing'ono kwambiri. Zisakanizeni ndi mcenga wouma, muyezo umodzi wa njere pa miyezo khumi ya mcenga, nimuwaze m'timizere tosaya. Phimbani ndi udzu wocepa kufikira zitamera. Poyamba idyani zopatulira, pambuyo pace muzidula nsonga, ndipo adzaphuka nthambi zambiri. Bonongwe akonda manyowa, ndipo akasowa madzi afulumira kucita maluwa. Musafese bedi lonse tsiku limodzi. Fesani pang'ono masabata awiri ali onse, kuti ndiwo zisathe.

4. Luni. Alimidwa monga bonongwe, ndipo akonda dzuwa lonse. Njere zongokolola kumene sizimera bwino; bzalani zimene zakhala miyezi ingapo m'nsupa. Muzibudula maluwa ace kuti masamba acuruke. Kuwawa kwace kucepa ndi nsinjiro.

5. Denje. Njere zace ziri ndi khungu lolimba, ndipo zicedwa kumera. Zimangeni m'kansaru, nimuzibviike m'madzi ongophula kumene pa moto, muwerenge kufikira khumi, muzicotse ndi kuziika m'madzi ozizira. Ziumitseni pa mthunzi, nimufese tsiku lomwelo. Denje lifuna mbali ya dimba yonyowa koposa.

6. Mbatata. M'cilimwe mbatata ipatsa kholowa, koma phindu lace lalikuru ndi ili: amene asunga mbatata yamoyo m'dimba ali ndi mbeu yooka pa tsiku loyamba la mvula, pamene anzace ayenda mudzi ndi mudzi kupempha. Dulani nsonga zotalika masentimita 30, zopanda matenda, nimuoke madzulo, mfundo ziwiri kapena zitatu ziri m'dothi. Mitundu yofiira m'kati, monga Zondeni, Kadyaubwerere, Kaphulira ndi Mathuthu, iri ndi vitamini A wothandiza maso a ana ndi kulimbitsa thupi pa matenda. Nthaka ikang'ambika ndi dzuwa, nankafumbwe alowera m'ming'alumo. Cotero muziundira dothi pa tsinde.

7. Mabvwende, akayimbe ndi maungu. Izi ziyenera malo a mcenga wosakanizika ndi dothi la mtsinje, pamene madzi ali pafupi pansi. Kumbani dzenje, muthiremo manyowa oola bwino, nimubzale njere zitatu. Maenje atalikirane mamita awiri. Bvwende lica pakutha masiku 80 kufikira 90. Mudzalidziwa lakupsya pakuona kacingwe kopota ka pafupi ndi phesi katauma, ndi pansi pace patasanduka cikasu. Cepetsani madzi likayandikira kupsya, kuti litsekemere ndi kusang'ambika. Maungu pa kutentha kwakukuru acita maluwa amuna ambiri ndi zipatso zocepa. Abzaleni cifukwa ca nkhwani, ndipo maungu eni ace muwayembekeze m'dzinja.

8. Cidede. Masamba ace owawasa adyedwa cilimwe conse. Sicicita maluwa kufikira masiku atayamba kufupika, dzinja liri kutha. Musacizule poyesa kuti ndi cosabala.

9. Cam'mwamba. Mtengo uwu unacokera ku India, koma wakhala m'midzi ya cigwa cino kuyambira kale. Uoka ndi nthambi kapena ndi njere, ndipo ukagwira sufuna kuthirira kawiri kawiri. Muziudula pa msinkhu wa munthu kuti uphuke masamba ofikirika. Nyumba iri yonse ikhale nayo iwiri kapena itatu, yochingidwa bwino, pakuti mbuzi ziukonda.

Amene ali ndi cinangwa athyole cigwada, koma akumbuke kuti ululu wa cinangwa ucuruka pa cilala. Sinjani masamba bwino, nimuwaphike nthawi yaitali mphika uli wosabvundikira.

MBEU ZA PAKATI, NDI MBEU ZODIKIRA CISANU

Mabiringanya ndi tsabola ziri pakati. Zikaokedwa m'mwezi wa Julayi kapena Ogasiti, nizikula mizu kutentha kusanafike, zipirira cilimwe. Pa masiku oopsya zitaya maluwa ena, koma musazizule; zidzabalanso kukayamba mitambo. Tsabola wamng'ono wowawa, monga kambuzi, apirira koposa tsabola wamkuru wosawawa.

Koma kabici, repu, mpiru, letesi, karoti, nsawawa, nyemba ndi mbatata ya kacewere ndizo mbeu za nyengo yozizira. Sitinena kuti ndi zoipa iai. Ziri ndi nthawi yace, ndiyo kuyambira Epulo, madzi atatsika m'madimba, kufikira Ogasiti. Matimati afesedwe pa nazale m'Marici kapena m'Epulo, kuti acite maluwa m'Juni ndi m'Julayi. Anyezi afesedwe nthawi yomweyo, kuti cilimwe ciwapeze ali okhwima, oyenera kuumitsa. Cimanga ca m'dimba naconso cibzalidwe msanga, kuti ngaiyaye zituruke Okutobala asanafike, pakuti mungu wace uonongeka pa madigiri 35, ndipo cisononkho cikhala ca njere zowerengeka.

Wina adzati, matimati akwera mtengo pa msika m'Novembala. Nzoona, koma akwera cifukwa alephera kwa anthu ambiri. Amene ali ndi pampu, mthunzi ndi ndalama zotaya angathe kuyesa bedi limodzi. Amene ali ndi ndowa imodzi ndi ana asanu ayambe wadzaza dimba ndi mbeu zosakayikitsa.

KASAMALIDWE KA DIMBA LA CILIMWE

Mabedi. M'dzinja tiunda mizere kuti madzi acoke. M'cilimwe ticita mosiyana. Konzani mabedi olowa pansi monga cikhato cimodzi, okhala ndi kakhoma ka dothi kuzungulira, kuti madzi onse alowe pa mizu. Lifupi lace lisapitirire mita imodzi, kuti mufike pakati osapondamo. Thiranimo manyowa oola bwino, ndowa ziwiri kapena zitatu pa bedi la mamita 5. Ndowe zaziwisi ziocha mizu, ndi feteleza wothira pa nthaka youma acita cimodzimodzi.

Kuphimbira. Yalani udzu wouma, mapesi a mapira kapena masamba a nthoci pa bedi, kucindikala kwa zala zinai. Cophimba ici ciziziritsa nthaka, cicepetsa kuuma kwace, ndi kuletsa udzu kumera. Siyani kampata pa tsinde kuti ciswe cisafike pa mbeu. Nchito iyi ndi ya tsiku limodzi, koma ipeputsa mtolo wa madzi wa nyengo yonse.

Mthunzi ndi mphepo. Dzuwa lopweteka koposa ndilo la masana ndi la kumadzulo. Mangani mpanda wa bango kapena wa mapesi ku mbali ya kumadzulo ndi ku mbali yocokera mphepo yotentha. Pa nazale, pa tsabola ndi pa mabiringanya mangani cisakasa cotalika monga munthu, cofoleredwa ndi udzu wapatali patali, kuti theka la dzuwa lipyole. Therere, khobwe, mbatata ndi mabvwende sizifuna mthunzi.

Kuthirira. Thirirani m'mamawa kapena dzuwa litapendeka, ndipo thirani pa nthaka, si pa masamba. Timbeu tongomera tifuna madzi pang'ono kawiri pa tsiku. Mbeu zazikuru zifuna madzi ambiri olowa pansi, kuti mizu iwatsate. Kuwaza pamwamba pokha kuitanira mizu ku dothi lotentha. Pisani cala m'nthaka pansi pa cophimba: mukapeza cinyezi, dikirani. Masamba a maungu akafota masana nadzuka madzulo, palibe bvuto. Koma mukawapeza ofota m'mawa, mbeu iri ndi ludzu ndithu.

Mtsuko wokwirira. Iyi ndi njira yakale, yolembedwa ku China zaka zoposa 2,000 zapitazo. Tengani mtsuko wa dothi wosapaka kanthu, muukwirire kufikira m'khosi, muudzaze madzi ndi kuubvundikira. Bzalani mbeu zinai kuzungulira. Madzi adzera m'dothi la mtsuko pang'ono pang'ono monga mizu ifunira, ndipo dzuwa siliwapeza. Cibvundikiro ciletsanso udzudzu kuswana. Njira iyi iyenera okalamba ndi onse okhala kutali ndi citsime.

Mcere. M'malo ena a cigwa cino madzi a m'zitsime ndi a m'mijigo ali ndi mcere. Mukaona nthaka ya pa bedi iyera monga ufa, ndi nsonga za masamba zipsyerera, dziwani kuti mcere waunjikana. Kuwaza madzi pang'ono pang'ono kuonjeza bvutoli. Nthawi ndi nthawi thirani madzi ocuruka kuti atsitse mcere pansi pa mizu, nimuphimbire bwino. Madzi amene akana kucita thobvu ndi sopo, kapena owawa pa lilime, muyambe mwawayesa pa bedi limodzi.

Kubzala ndi kuoka. M'cilimwe nkwabwino kubzala njere pa malo pace peni peni, pakuti mbande yozulidwa ibvutika kugwira. Ngati muyenera kuoka, okani madzulo, mbande iri ndi dothi lace, nimuichinge ndi kanthambi ka masamba masiku atatu kapena anai.

TIZIROMBO TA NYENGO YOTENTHA

Kutentha ndi pfumbi zicurukitsa akangaude ofiira, tizirombo tating'ono tokhala kunsi kwa masamba a matimati ndi mabiringanya. Tsamba licita timadontho toyera, pambuyo pace liuma, ndipo muona ulusi wopyapyala. Zulani ndi kuocha matimati akale onse otha kubala, pakuti ndiwo nkhokwe ya tizirombo timeneti. Nsabwe zigwira nsonga za khobwe ndi therere. Sinjani masamba kapena njere za nimu, muzibviike m'madzi usiku umodzi, musefe, muonjeze sopo pang'ono, nimuwaze madzulo kunsi kwa masamba.

Mukazula therere kapena matimati ndi kupeza mizu yotupa mfundo mfundo, muli tinyongolotsi tosaoneka ndi maso m'nthakamo. Musabwereze therere, matimati kapena mabiringanya pa bedi lomwelo. Bzalanipo cimanga, mapira kapena anyezi.

Cenjerani ndi mankhwala ogula. Ndiwo za masamba zithyoledwa masiku ocepa ali onse, ndipo mankhwala ambiri afuna kuti papite masiku musanadye. Musawaze mankhwala a thonje pa ndiwo, ngakhale pang'ono. Funsani alangizi a kwanu. Safunsa anadya phula. Ndiponso musawaze kanthu m'mawa pa maluwa a maungu ndi mabvwende, pakuti ndiyo nthawi ya njuci, ndipo popanda njuci palibe cipatso.

NTHAWI YA NCHITO IRI YONSE

M'Ogasiti: sonkhanitsani udzu wophimbira moto usanaupsyereze, konzani mabedi ndi mipanda, okani tsabola ndi mabiringanya. Kumapeto kwa mwezi yambani therere ndi mabvwende.

M'Seputembala: bzalani khobwe, cidede, maungu ndi therere lina, fesani bonongwe, luni ndi denje, okani mbatata.

M'Okutobala: musakuze dimba koposa madzi anu. Mabedi atatu othiriridwa bwino aposa mabedi khumi ofota. Pitirizani kufesa bonongwe pang'ono pang'ono pansi pa udzu. Ikagwa mvula ya cizimalupsya musanyengedwe ndi kuleka kuthirira.

M'Novembala: sungani mbeu. Sankhani mitengo yobala bwino koposa pa kutentha, muimange kacingwe, ndipo wina asathyoleko. Njere zikauma, zisungeni m'nsupa kapena m'botolo pamodzi ndi phulusa. Masamba otsala muwafutse: awiritseni pang'ono, nimuwayanike pa mthunzi popita mphepo, pakuti dzuwa licotsa mphamvu yace. Pophika therere ndi denje cepetsani cidulo ndi soda, zimene ziononga zofunika za m'masamba.

Inu eni ace mudzisamalirenso. Gwirani nchito m'mbanda kuca ndi madzulo, imwani madzi kawiri kawiri, ndipo ana ndi amai oyembekezera asasenze madzi dzuwa liri pamutu.

MAU KWA MAFUMU

Inu mafumu, nchito zina munthu mmodzi sangathe kuzicita, pakuti mutu umodzi susenza denga. Mwaona cilala ca caka ca 2016, ndi ca caka ca 2024 pamene maboma 23 mwa maboma 28 a Malawi analengezedwa kuti ali pa ngozi. Mwaonanso madzi osefukira a namondwe Ana m'caka ca 2022 ndi a Freddy m'caka ca 2023. Pa zaka zotere munda wa kumtunda ulephera, ndipo mudzi upulumukira ku dimba. Cifukwa cace tikupemphani zinthu zisanu.

Coyamba, panganani ndi anthu anu za mbuzi ndi ng'ombe. Ciweto comasulidwa m'cilimwe citha dimba la miyezi iwiri pa ora limodzi. Pakhale abusa, pakhale njira yopitira ku madzi, ndipo mlandu wa ciweto coononga uweruzidwe msanga.

Caciwiri, letsani kuocha chire cisawawa. Udzu umene upsya ndiwo ukadaphimba mabedi.

Cacitatu, musalole kulima kufika pa gombe peni peni. Bango ndi mitengo ya m'mphepete zigwira nthaka. Zikacotsedwa, mtsinje udya dimba lomwelo, pakuti madzi saiwala khwawa. Pa madooko a Shire pamene pali ng'ona, mangani mpanda wa mitengo m'madzi potungira, kapena kumbani zitsime kumtunda pang'ono.

Cacinai, pogawa malo a dimba kumbukirani amasiye, okalamba ndi olumala, kuti alandire malo a pafupi ndi madzi.

Cacisanu, limbikitsani kusinthana mbeu za makolo. M'mudzi uli wonse muli agogo osunga njere za luni, denje, khobwe woyanga ndi akayimbe. Mbeu zimenezo zasankhidwa ndi dzuwa la cigwa cino zaka zambiri, ndipo zikatayika simudzazipeza m'sitolo.

MAFUNSO OKAMBIRANA PA BWALO

Mukatha kuwerenga phunziro ili pamaso pa anthu, afunseni mafunso awa:

1. Ncifukwa ninji matimati othiriridwa bwino ataya maluwa m'Okutobala?
2. Chulani mbeu zisanu zoyenera cilimwe, ndi zisanu zodikira cisanu.
3. Bedi la mita imodzi m'lifupi ndi mamita 5 m'litali lifuna ndowa zingati pa tsiku? Nanga banja lanu lingathe kuthirira mabedi angati?
4. Ndani m'mudzi muno ali ndi mbeu ya mbatata yofiira m'kati, ndipo ndani ali ndi njere za luni ndi denje?
5. Pangano lathu la ziweto pa cilimwe cino ndi lotani?

Mafunso awa ayankhidwe mwezi wa Ogasiti usanathe, udzu ukali m'chire ndi madzi akali m'zitsime. Pamene pali cosamveka, itanani alangizi a dera lanu adzaone dimba pamodzi ndi inu. Tsalani bwino, ndipo mulime mwanzeru.